Ndevu za Alamu

Mpando wa Chipeso unali pafupi ndi khomo, ndipo kale munthu ankadikira mpaka msana kuwawa kuti aukhalepo. Tsopano unkangolandira fumbi. Mwini wake ankaupukuta m'mawa uliwonse, kuyala thaulo, kuthira mafuta m'makina ometera, kutsomeka chipeso chake kukhutu monga mwa masiku onse, kenako n'kuima pambali manja ali kumbuyo ngati mlonda. Anthu ankalowa, kum'patsa moni waulemu woposa wakale, n'kukadzipanikiza pabenchi kudikira Wamtali, mnzake wometa pampando wachiwiri.

"Ine sindikuthamanga, ndidikira," ankatero, anthu omwewo amene kale ankayang'ana wotchi ngati basi iwasiya.

Chifukwa chake msewu wonse unkachidziwa. Miyezi ingapo m'mbuyomo tulo tinam'thawa Chipeso, koma iye osatopa. Ankalankhula osapuma, anapenta shopu yonse chikasu osafunsa mnzake, ndipo aliyense wokhala pampando ankauzidwa za mashopu amene adzatsegule dziko lonse. Tsiku lina anasiya mutu wa munthu uli theka, n'kutuluka ndi lumo m'manja kukalondolera magalimoto pamphambano. Sanacheke munthu ngakhale mmodzi. Koma zimenezo palibe ankazitchula, aliyense ankangokumbukira lumolo.

Amene anam'gwira tsiku limenelo anali alamu ake, achimwene a mkazi wake, chimunthu choyendetsa lole. Anam'dzera kumbuyo, kum'landa lumo, kum'manga manja ndi lamba wa thalauza lawo, n'kum'kankhira kutsogolo kwa lole, dzanja lina atagwira thalauza kuti lisagwe. Njira yonse ya kuchipatala Chipeso anawatukwana mpaka kutchula makolo awo, n'kuwalavulira. Chitulukireni m'chipatala anali asanawayang'ane m'maso. Akamva lole kunyumba ankatulukira khomo lakuseri. Iye mwini sankadziwa ngati chinkamuthamangitsa chinali mkwiyo kapena manyazi.

Kuchipatala kuja kunali namwino wina wa mawu okhuthala, wosadziwa kunyengerera. Ameneyo ndiye anam'khazika pansi n'kumuuza kuti vuto lakelo ndi matenda, ali ndi dzina, ndipo ali ndi mankhwala: maganizo amakwera mopitirira muyeso, kenako amatsika mpaka munthu kulephera kudzuka pabedi. Anam'phunzitsa kudziyang'anira yekha, kuti tulo tikayamba kuchepa ndi pakamwa kuyamba kuthamanga, asadikire kuti afike pamphambano. Chipeso atamva zimenezi anakumbukira bambo ake, amene banja lonse linkangowatchula kuti ovuta. Nthawi zina ankaimba ndi kugwetsa mipanda kuti amange yatsopano, nthawi zina ankadzitsekera m'chipinda masabata osalankhula ndi munthu. Anawalira bambo akewo pabedi la chipatala kuposa mmene anawalirira pamaliro, chifukwa anamwalira palibe amene anawauza kuti akudwala.

Kunja kunali madokotala ambiri kuposa m'chipatala. Ena ankati ndi chamba. Ena ankati anafuna kukhwimira bizinesi koma zinam'bwerera. Mkazi wake, pofuna kum'tchinjiriza, ankauza aliyense kuti anali malungo aakulu amene anakwera kumutu, ndipo Chipeso anangolola. Mapiritsi ankamwera kubafa. Tsiku la kuchipatala likafika ankati akupita kukagula malezala.

Wamtali sanali munthu woipa, koma nayenso anali ndi msana umodzi. Madzulo ena akusesa tsitsi analankhula akuyang'ana pansi.

"Achimwene, mpandowu sungamangokhala. Ine ndekha mitu yonseyi sindingaithe. Pali msuweni wanga amameta bwino. Mwezi ukatha tikambirane, mwina inu muyambe mwapuma kaye."

Chipeso anangogwedeza mutu. Ntchito ina sankaidziwa. Manja ake anakulira m'tsitsi la anthu, ndipo ankadziwa kuti akangochoka pampandowo ndi mbiri imene anali nayo, palibe shopu ina imene ingam'patse lumo.

Loweruka lomaliza la mweziwo shopu inadzaza. Benchi linali thithithi, ena ataima pakhomo, wayilesi ikulongolola za mpira, mpando wa Chipeso uli mbee. Kunja kunamveka mabuleki a lole, ndipo khomo lakuseri shopuyo inalibe.

Alamu analowa chowerama. Ndevu zawo zinali zitakula ngati tchire la m'dzinja, zina zoyera, zina zopiringizika mpaka m'khosi. Sanayang'ane benchi. Anadziponya pampando wa pakhomo mpaka unalira, n'kutambasula miyendo.

"Alamu, ndichotseni chinthu ichi. Mayi kunyumba akuti atopa kugona ndi tsache."

Chipeso anawafunditsa thaulo, n'kutenga makina.

"Makina ayi. Mwaiwala kuti amanditulutsa tiziphuphu? Lumo."

Wayilesi inapitiriza yokha, chifukwa pabenchi mpira unathera pomwepo. Wamtali anaimitsa makina ake pamutu wa munthu.

"Akuluakulu, mukadikira pang'ono ndikumetani ine ndikamaliza apa."

"Iwe meta mitu. Chibwano ichi chili ndi mwini wake. Ukuona ngati ndevu zonsezi ndasungira fasho?"

Apa m'pamene Chipeso anazindikira kuti chiyambireni kudwala kwake alamu sanametedwe ndi munthu wina. Anaviika kathaulo m'madzi otentha, kuwaphimba nako kumaso, n'kuyamba kupanga thovu m'kambale. Atanyamula lumo anaona nsonga yake ikugwedera pang'ono. Anawerama n'kuwanong'oneza.

"Alamu, manja anga amanjenjemera masiku ano. Ndi mankhwala aja."

Tsoka lake, zaka zonse zokhala pamwamba pa injini zinawagonthetsa alamu khutu limodzi, ndipo kunong'ona sankakudziwa. Akamati akulankhula chapansipansi, wogulitsa nthochi kutsidya kwa msewu ankamva.

"Mapiritsi mwamwa lero?"

"Ndamwa."

"Mukugona bwino?"

"Ndikugona."

"Ndiye mukudikira chiyani? Metani."

Awa anali mafunso omwe namwino uja anawapatsa a pabanja, ndipo alamu anawafunsa ngati mmene amafunsira za madzi ndi oyilo asananyamuke ulendo. Pabenchi, bambo wina wokonza mafoni anakanda pakhosi.

"Mapiritsi mpaka pano? Si paja anati anali malungo?"

Chipeso anayang'ana m'galasi. Shopu yonse inali mmenemo, maso onse ali pa iye. Bodza lija linali pafupi, lozolowereka, losavuta kunena. Koma munthu amene anali pampando wake anali atabweretsa khosi lake poyera, ndipo kunama pamwamba pa khosi limenelo kunam'chititsa manyazi kuposa choonadi.

"Sanali malungo," anatero, mawu akutuluka mokakamira. "Ndi matenda a maganizo. Sindinasute kanthu, sindinapite kwa munthu aliyense. Ndimamwa mankhwala tsiku lililonse, ndipo mwina ndidzamwa moyo wanga wonse. Ndikasiya kugona ndimadziwa kuti ayamba, ndimapita kuchipatala. Ndi zomwezo."

Iye anadabwa kuona kuti denga silinagwe, ndipo m'chifuwa mwake munapepuka ngati watula thumba la simenti.

Anatsamiritsa kachala kakang'ono patsaya la alamu, monga anaphunzirira ali mnyamata, ndipo dzanja litapeza potsamira linakhazikika. Ndi chala chachikulu cha kumanzere anakoka khungu, lumo n'kutsika pang'onopang'ono kuchokera m'mbali mwa khutu. Ndevu zinagwera pathaulo, khungu losalala n'kuonekera. Anapukuta lumo, n'kubwerezanso. Manja anali asanaiwale.

"Tsiku lija ndinakulavulirani," anatero ali pakati pa tsaya lachiwiri.

"Munalavulira galasi la lole. Ine munandiphonya."

"Ndinakutukwanani."

"Ena mwa mawu aja ndinawasunga, amandithandiza pamsewu."

Wina pabenchi anaseka, kenako n'kudzigwira pakamwa.

"Koma inunso munandimanga ngati mbuzi, alamu."

"Ndinakumangani, ndipo zinandiwawa kuposa inu. Zikadzachitikanso ndidzakumanganinso, ndikutengereni komwe kuja, n'kukakutenganinso mukachira. Mlongo wanga sanakwatiwe ndi matenda, anakwatiwa ndi inu. Samalani pamlomopo, musandichotsere ndi mlomo womwe."

Chipeso anameta pamwamba pa mlomo, kenako chibwano, mosamala pa kachipsera kakale kamene ankakadziwa ngati ka pathupi pake. Panatsala khosi, pamalo pamene ngakhale munthu wolimba mtima amameza malovu lumo likafika. Anakweza chibwano cha alamu ndi zala ziwiri, mutu n'kugwera pa chotsamira cha mpando mosavuta. Anapaka thovu, n'kuika lumo pambali pa kholingo.

Kenako kunamveka mkonono.

Poyamba anaganiza kuti ndi nthabwala. Koma pakamwa pa alamu panali patatseguka pang'ono, manja atagwera m'mbali mwa mpando, chifuwa chikukwera ndi kutsika. Munthu uja anali atayendetsa lole ulendo wautali, ndipo madzi otentha ndi mpando wofewa zinam'maliza. Anagona tulo tenitweni, khosi lili pamtunda, lumo la Chipeso lili pamenepo.

Benchi lonse linaona. Wokonza mafoni uja anapukusa mutu akumwetulira. Wamtali anatambasula dzanja n'kuchepetsa wayilesi, anasansa thaulo la munthu amene anamaliza kum'meta, n'kuyang'ana anthu odikira aja.

"Wotsatira abwere kuno. Winayo akonzeke, mipando ilipo iwiri muno."

Kenako wokonza mafoni anasuntha n'kukakhala kumapeto kwa benchi, mbali ya pakhomo.

"Ine ndidikira awa," anatero. "Koma ine makina, achimwene. Tiyambe pang'onopang'ono."

Maso a Chipeso anadzaza misozi mpaka khosi la alamu linayamba kuoneka mwachimbuuzi, ndipo wometa aliyense amadziwa kuti lumo siliyenda ngati maso sakuona. Analichotsa, anapukuta misozi ndi mkono wa malaya anthu onse akuona, osabisa. Anathokoza mumtima mwake namwino wa mawu okhuthala uja, anathokoza mkazi wake amene ananama chifukwa chom'konda, koma koposa onse anathokoza chimunthu ichi chimene chinkaliza mkonono pampando wake.

"Zikomo, alamu," anatero chapansipansi, kukhutu logontha lomwe lija.

Anatsamiritsanso kachala, n'kumeta khosilo mofatsa kwambiri kuti asawadzutse.