Tsiku limene webusaiti inakwatitsa aliyense

Mlamu wanga timamutcha Dinani-Apa, chifukwa ngakhale umufunse komwe kuli mchere, yankho lake ndi lomwelo. Ndiye amene anandinyengerera kuti holo yanga ya maukwati ikhale ndi webusaiti. Akuti mayina onse tiwasunge mu databesi, amuna tebulo lawo, akazi tebulo lawo, kenako iye alembe kasikiripiti ka PHP kokatenga mayinawo n'kumawaonetsa pa intaneti awiriawiri, aliyense ndi wake. Ndinavomera chifukwa ukwati wa mng'ono wanga unali pafupi, ndipo ndinkafuna dzina lake liwale.

Munthu uja anaiwala mzere umodzi, wouza kompyuta kuti ilumikize okhawo amene nambala yawo ya ukwati ndi yofanana. Kompyuta nayo ilibe manyazi. Inangotenga mwamuna aliyense n'kumupatsa akazi onse. Abusa ena opuma pantchito, amene ankakwatira kachiwiri atafedwa, anapezeka ali ndi mulu wa akazi, mng'ono wanga ali momwemo.

Foni inalira mpaka kutentha. Apongozi a eni ake ankanditukwana, ena n'kumafunsa ngati ndatsegula msika. Ine ndinamuimirira Dinani-Apa kumbuyo mu kaofesi kathu, pakati pa mipando yosanjikiza ndi maluwa apulasitiki, n'kumuuza kuti akapanda kukonza msanga ndimudina ndine. Thukuta lili kamukamu, iye ankangoti ndi kanthu kakang'ono. Mng'ono wanga yekha ndiye ankafa ndi phwete, atakhala pa katoni ya matambula, n'kumasankha mwamuna wa dzina lokoma.

Kenako chitseko chinatseguka, kulowa mkwati wa mng'ono wangayo ali wefuwefu, malaya osapisira. Mnzake anali atamutumizira chithunzi cha mzere umodzi wokha: dzina lake pambali pa la namwino wina, amenenso ukwati wake unali wa mu holo mwathu momwemo mwezi wotsatira. Sanayang'ane n'komwe pa kompyuta. Anangofikira kugwada pa simenti pamaso pa mng'ono wanga.

"Wakuuzani ndani? Zimenezo zinatha kalekale, ndikulumbira. Ndiye mpaka kundiika pa intaneti?"

Ine mtima unandipweteka, chifukwa mng'ono wangayu ndinamulera ndekha, ndipo diresi lake ndinali nditasita kale. Dinani-Apa, amene mutu wake unali udakali mu kompyuta, anadina batani n'kulengeza monyadira kuti zatheka, tsopano aliyense wabwerera kwa wake.

Mng'ono wanga anadzuka pa katoni paja n'kusuzumira pa sikirini. Dzina lake linali pambali pa la munthu wogwadayo, mwadongosolo, monga mmene tinkafunira. Anavula mphete yomwe mkwatiyo anamuveka n'kuiika pa kiyibodi.

"Alamu," anatero, "mzere uwu ndiye wolakwika. Fufutani."