Nsalu ya Chigamba Chofiira

Chaka chachitatu cha ulamuliro wa Ajapani, m'nyumba ya Painem munatsala nsalu imodzi yokha, ya chigamba chofiira pabondo. Ankabwerekana ndi mayi ake, a Kasminah. Wina akatuluka, mnzake ankatsala m'nyumba atadzikulunga mkeka. Mwamuna wa Painem anatengedwa kukagwira thangata kunjanji, ndipo sanamvekenso.

Kenako kunabwera lamulo lopusa zedi: aliyense akaonekere yekha kwa kalaliki kumsika wa Kebumen, akalandire khadi la mpunga. Wosaonekera ndiye kuti anafa, ndipo wakufa sadya.

"Yambani ndinu, amayi," anatero Painem. "Koma musakachedwe ndi macheza."

"Macheza ake ati? Pakamwa pouma pamatuluka nkhani?"

A Kasminah anabwerako dzuwa lili paliwombo, khadi lawo lili m'manja. Painem anavala nsaluyo ikadali yofunda, n'kuliyatsa liwiro.

Mzere unali wautali, anthu ambiri atavala ziguduli. Kalalikiyo anali Wiryo, yemwe chilandirireni chipewa cha Ajapani anaiwala nkhope za anthu. Painem atafika kutsogolo, mkuluyo anangoyang'ana chigamba chija.

"Nsalu iyi yalandira kale m'mawa."

"Anali mayi anga, bwana. Timabwerekana."

Wiryo anadzutsa mutu n'kumuyang'anitsitsa.

"Gogo, mukundiyesa mwana? Masaya omwewa, tsitsi lothothoka lomweli!"

Painem anali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu. Mawuwo anamupweteka kuposa njala, koma analibe nthawi yolira.

"Ngati alipodi, kawatengeni muime pano nonse awiri," anatero Wiryo. "Ndikatseka ndatseka."

"Abwera atavala chiyani, bwana?"

"Za zovala si ofesi ino."

Painem anayenda mumzere monse akupempha womubwereka nsalu kwa kanthawi. Mayi wina anamuyankha chapansipansi, "Pepa mwanawe, yangayinso mng'ono wanga akuidikirira mumkeka."

Painem atafika kunyumba n'kufotokoza, a Kasminah anamuuza kuti avule nsalu ija. Anatenga mpeni wosendera chinangwa.

"Amayi, ayi!"

"Khadi limodzi tidya awiri? Gwira uko."

Anaing'amba pakati nsaluyo. Chidutswa chilichonse chinkangokwana m'chiuno, osafika n'komwe m'mawondo. Anatuluka choncho, manja ataphimba pachifuwa, maso pansi, akudutsa pamaso pa amuna omwe ankawapatsa ulemu moyo wawo wonse. Manyazi ake osaneneka. A Kasminah ankapuma pamtengo uliwonse, ndipo Painem ankawakoka.

Anapeza tebulo atalilowetsa kale, chitseko chili chokhoma. Mlonda anati kulembetsa kwina mwina kudzakhalako akakolola.

Anabwerera kunyumba. Pakhomo, a Kasminah anayala zidutswa ziwiri zija pamkeka, akuyesa kuzilumikiza m'mphepete mwake.

"Singano ili kuti?" anafunsa.

"Tinasinthanitsa ndi mchere, amayi."

Mawa lake linali tsiku lolandira mpunga. Khadi linalipo limodzi, ndipo m'nyumbamo munalibenso nsalu yoti munthu avale pokautenga.