Mayina Amene Kompyuta Inkawadumpha

Lachitatu m'mawa a Binwell anandiitana mu ofesi mwawo n'kundiuza kuti ndisindikize lipoti la ku Luwani, chifukwa Lachisanu a Gerishon alandidwa njinga ya bungwe. Anazinena akusenda nthochi, osandiyang'ana n'komwe.

Ine ndine Thandizo, ndimalemba mapulogalamu a kompyuta m'kabungwe kena pa boma la Neno, ndipo a Binwell ndi bwana wanga. Ntchito yathu ndi kutumiza mauthenga pa foni kwa odwala shuga ndi BP, kuwakumbutsa tsiku lokatenga mankhwala. M'midzi muli anthu odzipereka amene amalemba mayina a odwala pa foni, mayinawo n'kubwera kwa ife. Ku Luwani amalemba ndi a Gerishon, mphunzitsi wopuma wa imvi mutu wonse. Malinga ndi lipoti, odwala awo ndiwo ankatsogola pa kujomba. Ku Chifunga kunali bwino, ku Magaleta kunali bwino, koma ku Luwani kokha.

"Mdala ameneyu amangogona," anatero a Binwell. "Mwina njinga ija amapangira kabaza. Komanso anthu a kumeneko ukuwadziwa, ambiri ndi otsala a ku Mozambique aja. Za masiku sazisamala."

Mawu omalizawo anandinyansa, koma ndinangoti chabwino bwana.

Ndisanasindikize ndinafananitsa mndandanda wa odwala ndi wa mauthenga amene anapitadi. Anthu makumi anayi ndi mmodzi a ku Luwani anali asanalandirepo uthenga ngakhale umodzi chiyambire. Ndinayang'ana mayina awo: João, Conceição, Gonçalves, Assunção. Lililonse linali ndi chilembo cha kachipewa pamwamba kapena kamchira pansi.

Mu kompyuta chilembo wamba chimatenga malo amodzi, amene timati bayiti. Zilembo za tizipewa ndi timichirazi zimatenga mabayiti awiri. Pulogalamu yathu inalembedwa m'chinenero cha kompyuta chotchedwa C, ndipo dzina lililonse imayamba yalisandutsa kukhala Unicode, kalembedwe kozindikira zilembo za zinenero zonse, lisanapite pa foni. Chosandutsacho chimatchedwa mbstowcs, koma chimafuna kuti uchiuziretu, kudzera mu lamulo lotchedwa setlocale, kuti mawu akubwerawo ndi a UTF-8, mtundu umene umalola zilembo za mabayiti awiri. Ukapanda kuchiuza, chikakumana ndi chilembo cha mabayiti awiri chimakana n'kubweza -1. Mu pulogalamu yathu munalibe setlocale. M'malo mwake, pa mzere 212, panali izi:

if (n == -1) continue;

Ndiye kuti dzina likavuta, lidumpheni, pitani kwa wotsatira. Osalemba paliponse, osachenjeza aliyense. Pamwamba pake wolembayo anadzisiyira kandemanga kakuti "mayina achilendo, tidzakonza". Deti lake linali la miyezi khumi ndi umodzi yapitayo, ndipo dzina la wolemba linali la a Binwell.

Chimene chinandiwawa kwambiri n'chifukwa chake vutoli linagwera a Gerishon okha. Anzawo onse amalemba mayina mwachidule, mmene chala chagwera. Iwo ayi. Ndinawaonapo ku maphunziro: amapempha chiphaso cha munthu, kuvala magalasi, kudina chilembo n'kudikira mpaka kachipewa katuluke, kenako n'kumuonetsa mwini dzina kuti avomereze. Uphunzitsi sunawachoke. Kusamala kwawoko n'kumene kunkachititsa kuti anthu awo atayidwe.

Kukonza kunanditengera nthawi yochepa kuposa yowiritsa tiyi. Ndinaika setlocale, ndinachotsa continue uja, n'kuika mzere woti dzina likakanika pulogalamu iime ndi kudandaula. Lachinayi m'mawa mauthenga onse makumi anayi ndi umodzi anapita. Kenako ndinakawaonetsa a Binwell.

Anayang'ana nthawi yaitali, akukanda chibwano.

"Wachita bwino. Basi, zithere pomwepa."

"Nanga a Gerishon, bwana?"

"Lipoti ndinalitumiza kale kwa akuluakulu. Ndikalibweza ndinena kuti chiyani? Komanso naye mdalayo, kodi anamutuma ndani kulemba Chipwitikizi? Akanalemba mayina ngati anthu ena onse bwenzi zonsezi kulibe."

Ndinatuluka. Munthu ameneyu ndi amene amatitsogolera pa pemphero Lolemba lililonse.

Lachisanu a Gerishon anafika cha m'ma teni, atapalasa kuchokera ku Luwani, malaya atanyowa kumsana. Njinga anali ataitsuka mpaka masipoko, pampu ataimangirira ndi labala. M'manja anali ndi kalata yopepesa. Mu chipinda cha misonkhano tinalimo anayi: iwo, ine, a Binwell, ndi a Ackim, mkulu wa bungwe. A Gerishon anaimirira n'kuyamba kuwerenga kuti mwina ukalamba wawachepetsa mphamvu, kuti odwala akhala akuwauza kuti uthenga safika koma iwo ankawatsutsa, poti kompyuta singaname.

Apo ndinalephera kupirira. Ndinatembenuza laputopu n'kuiika pamaso pa a Ackim, mzere 212 nditaukulitsa, n'kufotokoza zonse mmene ndafotokozera pano.

A Binwell anaseka pang'ono. "Ndi kavuto kakang'ono ka kompyuta, bwana. Takonza kale."

Takonza. Ndinawayang'ana mpaka anaweramitsa nkhope.

A Ackim anakhosomola, n'kunena kuti n'zosangalatsa kuti achinyamata athu ali tcheru, ndipo a Gerishon apitirize ntchito ndi njinga yawo. Anatseka msonkhano poti fanta anali atafika. Palibe amene anati pepani.

Panja a Gerishon anandipeza pakhonde.

"Mwanangu, mayina aja mungandipatseko?"

Ndinawasindikizira. Anavala magalasi, anatulutsa bolopeni, n'kumatsika ndi chala pang'onopang'ono. Anachonga mayina atatu.

"Awa muwachotse. Sakufunikanso kukumbutsidwa."

Analoza dzina limodzi mwa atatuwo.

"Awa, mayi Assunção, tinawaika mu Epulo. Shuga. Ndinkawakalipira ine, kuti amayi mumawerenga foni inu? Ankalumbira kuti sikubwera kanthu." Anapinda pepala lija kanayi. "Dzulo mwana wawo anabwera kwathu ndi foni ya malemu. Akuti uthenga wafika, wakuti amayi asaiwale kukatenga mankhwala Lachiwiri. Anandionetsa. Dzina linalembedwa bwino kwambiri, kachipewa ndi kamchira komwe."

Ndinkafuna nditalowa pansi. Uthenga umenewo ndinatumiza ndine, ndikudzitama mumtima kuti ndakonza zinthu.

"Pepani, bambo," ndinatero. Linali pepani loyamba limene analandira tsiku lonselo, ndipo linachedwa ngati uthenga uja.

Anagwedeza mutu. Kenako anapisa m'thumba n'kundipatsa kiyi wa loko ya njinga.

"Akupatsani kuti mupitirize, bambo."

"Ndamva. Koma ndikafika pakhomo pa munthu n'kumuuza kuti ndipatseni dzina lanu, kompyuta ikukumbutsani, ndimuyang'ana bwanji?"

Anatsika masitepe n'kulunjika ku siteji ya njinga zamoto, pepala lija lili m'thumba la malaya. Njinga yawo inatsala itatsamira khoma, yoyera mbee. Mkati a Binwell ankandiitana kuti ndikatenge fanta wanga asanafunde.