Mababu Osazima a ku Nkhulambe

Tobias Makhuva anali mmisiri wa zamagetsi pa Migowi, ndipo ntchito zake zambiri zinali zoika sola m'midzi. Lachiwiri lina m'mwezi wa Ogasiti analandira foni ya munthu amene sankamudziwa.

"Ndine Goodman Chisale, kuno ku Nkhulambe. Ndili ndi mababu akukana kuzima. Mukamabwera mubwere nokha."

Tobias anamangirira chikwama cha zipangizo panjinga yake yamoto, nafika dzuwa lisanafike pamutu. Derali linali lisanachire chigwereni napolo wa chaka cha 2023. Miyala ikuluikulu ngati nkhokwe inali mbwee m'minda, anthu atadzala nandolo m'mipata mwake. Nyumba imene anamulozera inali yatsopano, ya njerwa zowotcha, itaima yokha pakati pa mchenga woyera. Panalibe mtengo, panalibe nkhuku.

A Goodman anatuluka akutsamira ndodo ziwiri. Anali bambo wa zaka zoposa makumi asanu, mphunzitsi wakale wochokera ku Dedza amene anakwatira m'mudzimo. Mwendo wawo wakumanzere unali wopindika, phazi likuloza kumbali.

"Ndisanakulowetseni, ndikuuzeni," anatero. "M'chipindamo muli chamba. Mitengo isanu basi. Sindigulitsa, sindisuta. Ndimawiritsa n'kumwa kuti mwendowu undilole kugona. Ngati simukufuna kuona, bwererani, sindidandaula."

"Ine ndabwerera mawaya, bambo," anayankha Tobias.

Chipindacho chinali cha pakati, chopanda zenera. Makoma anawapaka laimu. Kudenga kunali thabwa, ndipo pathabwapo a Goodman anakhomapo mababu asanu ndi atatu, aja oyera osadya moto ogula pagolosale. Pansi pake panali zidebe zisanu, mitengo yofika m'chiuno. Fungo lake linali lokola kukhosi, koma chimene Tobias anayamba kumva chinali kuzizira. Panja panali patatentha, koma simenti ya m'chipindamo inkalasa mapazi ngakhale anali atavala nsapato.

"Ndinalumikiza ndekha," anatero a Goodman. "Mbewuyi imafuna mdima weniweni kuti ichite maluwa. Miyezi isanu tsopano, masamba okhaokha. Taonani."

Anatseka chitseko n'kudina swichi. Kuwala kwakukulu kunatha, koma mababu sanazime. Anatsala akuyaka pang'ono, motuwa, ngati maso a mphaka wodwala.

Tobias anaseka, mtima utakhala pansi. Izi anali ataziona kambirimbiri. Anatsegula swichi ndi sikuludilaiva, nayeza ndi tesita yake yoonera moto wa magetsi.

"Vuto laling'ono. Swichi mwaiika pawaya wobwezera, osati wobweretsa moto. Ndiye mukazimitsa, moto umakhalabe ukufika pababu. Mababu awa amayaka ndi kamoto kochepa kwambiri. Komanso izi ndi zoopsa, bambo. Malo mwalumikizawa mwangokulunga ndi jumbo, ndipo muno mumathira madzi. Tsiku lina zikanakuphani."

Anagwira ntchito pafupifupi ola limodzi. Anasintha mawaya, anachotsa majumbo, anakulunga ndi tepi yoyenera. A Goodman anakhala pampando pakhomo. Atamaliza, Tobias anatseka chitseko n'kudina swichi.

Mababu anatsala akuyaka monga poyamba.

Anayezanso. Tesita sinaonetse moto uliwonse. Anapita pabalaza pamene panali batire ya sola, nazimitsa invata, kabokosi kosintha moto wa batire, kenako namasula mawaya onse awiri pabatirepo. Wailesi imene inkalira motsitsa inangoti zii. Anadikira kanthawi kuti kamoto kotsalira m'mababu kathe, nabwerera m'chipinda muja. Onse asanu ndi atatu ankayakabe.

"Kapena ndi aja ochajidwa, okhala ndi batire m'kati," anadziyankhulira. Anakwera pachidebe chopanda kanthu, namasula babu limodzi. Linali lopepuka, la wamba. Analitulutsa panja, nalibisa m'jekete n'kusuzumira: linali lozima. Analowa nalo m'chipinda lili m'manja. Atangodutsa pakhomo linayamba kutuwa, ndipo pamene ankayandikira pangodya ya kumpoto kuwala kwake kunkakula, mpaka anaona mizere ya m'chikhato chake.

Apo ndi pomwe anazindikira chinthu china. Mbewu imatsata kuwala, aliyense wolima amadziwa. Koma mitengo isanu ija sinkayang'ana kudenga kumene kunali mababu. Yonse inaweramira kungodya yomweyo, nsonga zake zitaloza pansi pasimenti.

Tobias anaika babu pansi pang'onopang'ono, natuluka. Anakaima padzuwa. A Goodman anamutsatira ndi ndodo zawo.

"Mwaonanso inu?" anafunsa.

"Ndaona."

"Ndiye mutu wanga uli bwino. Ndimaganiza kuti ndi chambachi chikundionetsa zinthu." Anakhala pansi pakhonde, natambasula mwendo wopindikawo. "Nyumba yathu yakale inali pomwepa. Tsiku lija madzi anabwera ndi miyala. Ine ananditaya pamtengo wa mango kumunsi uko. Mayi a kunyumba, a Selestina, sanapezeke mpaka lero. Abale awo anandilola kumanganso pamalo pawo. Mababu atayamba zimenezi, ndinati ndi iwo. Masana ndimalowamo, ndimatseka chitseko, ndimawauza za tsikulo. Ndikamayankhula mababuwo amawala kwambiri."

Tobias anafuna kunena kuti ali ndi ntchito ina ku Nazombe. Koma anayang'ana mkuluyo, nafunsa kuti, "Ndiye mukufuna ndichite chiyani? Izi si za mawaya."

"Ndikudziwa. Ndikufuna kukumba pangodyapo. Ndekha sindingathe. Ndikaitana a m'mudzi aona chambachi, ndipo tikapeza munthu kubweranso apolisi."

"Ndiye chichoke kaye."

A Goodman anasisita bondo. Kenako anati, "Chotsani."

Tobias anazula mitengo yonse isanu, naiponya m'dzenje la zinyalala kuseri, naifotsera ndi mchenga. Anatsitsanso thabwa la mababu lija, naliika panja padzuwa. M'chipindamo anasiya babu limodzi lomwe analiika pansi lija, chifukwa sanafune kuligwiranso.

M'mawa mwake anabweranso, ngakhale mkazi wake anamuletsa. Anapeza a Dickson, mchimwene wa malemu a Selestina, atafika kale ndi piki ndi makasu awiri. A Goodman anangowauza kuti analota. A Dickson sanafunse zambiri. Anthu ambiri m'mudzimo ankalota abale awo osapezeka.

Anaswa simenti. Pansi pake panali mchenga, kenako dothi lakuda lonyowa losakanikirana ndi timiyala. Anapeza chidutswa cha lata, supuni, ndi theka la mpando wa pulasitiki. Dzenje litafika m'chiuno, khasu la a Dickson linakoka nsalu. Anasiya makasu, nayamba kufukula ndi manja. A Goodman anagwada m'mphepete mwa dzenje, akutchula dzina la akazi awo motsitsa.

Nsaluyo sinali chitenje. Inali buluku la ntchito, lokhuthala, la lamba wachikopa. Kenako kunatuluka jombo, ndi mafupa a mwendo ali m'kati mwake. Anali mafupa aatali, a mwamuna wamkulu thupi.

A Dickson anaimirira m'dzenjemo, napukuta manja pamalaya. "Alamu, awa si achemwali anga."

"Kumbani mbali inayo," anatero a Goodman.

Anakumba mpaka dzuwa linapendeka, pansi ponse pa chipindacho. Sanapezenso wina.

Apolisi ndi a zaumoyo anabwera tsiku lotsatira. M'thumba la bulukulo munali kiyi mmodzi ndi mpeni wopinda, popanda chiphaso. Uthenga unapita m'midzi ya kumtunda, m'mphepete mwa phiri, ngakhale kutsidya kwa malire. Mabanja anayi anabwera kudzaona jombo ndi lamba, onse anapukusa mitu n'kubwerera. Patatha sabata, mpingo unamuika munthuyo kumapeto kwa manda a m'mudzimo. Pamtanda sanalembepo kanthu koma chaka.

Tobias anapita kumaliroko. Pobwerera anaperekeza a Goodman kunyumba, akuyenda pang'onopang'ono m'mchenga. Atafika pakhonde mkuluyo anaima, osalowa.

"A Makhuva, miyezi isanu ndakhala ndikumuuza munthu ameneyu zinthu zimene mwamuna amauza mkazi wake yekha. Ndinamuuza ngakhale zimene ndinawalakwira a Selestina zaka za kumbuyo, zimene sindinaululepo kwa wina aliyense. Ndipo amamvetsera. Anali ndani?"



"Dzulo masana ndinali khale pano," anapitiriza a Goodman. "Ndinamva chitseko cha chipinda chija chikutseguka. Sindinatembenuke. Ndinamva munthu akuyenda ndi jombo pabalaza, anafika kumbuyo kwanga, anaima. Sanachite kanthu. Amangodikira, ngati mmene munthu amadikirira kuti upitirize nkhani."

"Ndiye munatani?"

"Ndinamuuza kuti nkhani zatha. Anaimabe mpaka a Dickson atatulukira panjira."

Tobias anawapempha kuti akagone kwa alamu awo, ndipo anavomera. Mwezi usanathe, mwana wa mlongo wawo anabwera ndi galimoto yaing'ono kudzawatenga kupita nawo kwawo ku Dedza. Mwendo unali utayambiranso kuwawa kwambiri, moti anachita kuwanyamula powakweza.

A Dickson anaitana Tobias kuti adzamasule sola ija, akaiike kunyumba kwawo. Tobias anabwera masana dzuwa likuswa mtengo, anakwera padenga, anatsitsa mapanelo. Batire ndi invata anapempha kuti a Dickson alowe okha akatulutse. Mawaya a m'makoma anawasiya momwemo.

Nyumbayo a Dickson anayesa kuibwereketsa kwa mphunzitsi wina watsopano wa kusukulu ya pulayimale. Mphunzitsiyo anakhalamo masiku anayi, nasamukira m'kalasi yosagwiritsidwa ntchito, osafotokoza chifukwa. Chaka chotsatira a Dickson anasasula malata n'kukafolera khola la mbuzi, ndipo makoma anatsala akugumuka ndi mvula.