Mbale Ziwiri pa Tebulo la Don Anselmo

"Khalani apa, Bambo, pakati penipeni," anatero Hortensia akukoka tebulo. "Pasapezeke munthu wonena kuti mwapendekera kwanga."

"Likankhireni kuno pang'ono," anayankha Amparo, mng'ono wake, osamuyang'ana n'komwe. "Mwendo wa tebulolo uli pakhomo panu."

Don Anselmo Tapia, bambo awo, anakhala pansi, chipewa chili pamaondo. Tebulolo analiika panja, m'mbali mwa msewu wotsikira ku msika wa tauni ya Atlixco, pamalo pamene khoma latsopano linkathera. Kale nyumba yonseyi inali lesitilanti imodzi, ya mkazi wawo, malemu Celerina. Mayiwo atamwalira, ana awo aakazi awiriwa analephera kuphikira pamoto umodzi. Anakangana za mchere, anakangana za antchito, anakangananso za amene ankagona kuchipatala ndi mayi awo, mpaka mmisiri anabwera kudzamanga khoma pakati. Tsopano panali makomo awiri ndi makhitchini awiri, koma chogulitsa chinali chimodzi: nyama ya nkhukundembo yothira mole, msuzi wakuda uja wa tsabola, chitowe ndi chokoleti umene unatchukitsa mayi awo. Chikwangwani cholembedwa kuti "Kwa Celerina" chinachotsedwa, chinkangokhala kuseri kwa kabati kunyumba kwa bambo awo.

Chaka chinali pafupi kukwana chimwalirire mayiwo. Misa yowakumbukira inali itapemphedwa kale, achibale a ku Cholula ndi ku Izúcar anali atauzidwa. Koma adzaphikire anthu onsewo ndani? Awiriwo anagwirizana chinthu chimodzi chokha: bambo alawe, anene msuzi woposa unzake. Wopambanayo aphika pamwambowo, atenganso chikwangwani.

Don Fulgencio, wometa tsitsi wa kutsidya kwa msewu, mnzawo wa Don Anselmo kuyambira ali anyamata, anawoloka akupukuta manja.

"Akulu, ine ndimayendetsa lumo pakhosi pa anthu tsiku ndi tsiku, koma ntchito mwalandirayi yandiopsa," anatero. "Zikavuta, khomo langa lakuseri ndalisiya lotsegula."

"Inu a Fulgencio, kameteni anthu uko," anatero Amparo.

"Ndimete ndani, mwanawe? Msewu wonse uli pano."

Sananame. Madalaivala, amayi ogulitsa maluwa ndi aphunzitsi ochokera kusukulu anali ataima chapatali, akunamizira kucheza.

Panali chinthu chimene onsewo sankachidziwa. Maliro atangotha, Don Anselmo anadwala chimfine chachikulu chimene chinawagoneka nthawi yaitali. Atadzuka anapeza kuti lilime ndi mphuno zafa. Khofi anasanduka madzi otentha basi. Tsabola ankangowawotcha milomo, kukoma kwake osakumva. Dokotala anati mwina zidzabwerera, koma sizinabwerere. Ana awo sanawauze. M'mawa ankadya kwa Amparo, masana kwa Hortensia, ndipo aliyense ankaima pambali pawo n'kufunsa kuti, "Zili bwanji, Bambo?" Iwo ankayankha kuti, "Ngati za mayi ako." Mawu amenewo okha ndi amene ankafewetsa nkhope za ana awo. Ankaopa kuti akanena zoona, sakhalanso ndi china chowapatsa.

Mbale ziwiri zinafika, zonse zikufuka nthunzi, zonse zitawazidwa chitowe pamwamba. Don Anselmo ananyema totiya, kamkate kopyapyala ka chimanga, n'kusunsa m'mbale ya Amparo. Anatafuna pang'onopang'ono atatsinzina, akupempha mumtima kuti lero lokha lilime lidzuke. Anamva kutentha, anamva kusalala, basi. Anamwa madzi, n'kusunsa m'mbale ya Hortensia. Chimodzimodzi. Akanawapatsa phala lopanda mchere sakanasiyanitsa.

Anabwerezanso uku ndi uku.

"Ana anga," anatero potsiriza, "zonsezi n'zokoma. Bwanji muphikire limodzi tsiku limodzi lokhalo?"

"Ayi, Bambo," anatero Amparo. "Zimenezo mwakhala mukunena chaka chonse. Lero nenani."

"Nenani basi, titope nazo," anatero Hortensia motsitsa mawu.

Don Anselmo anakweza maso. Kwa Amparo matebulo onse anali odzaza, mwamuna wake akuthamanga ndi mbale. Kwa Hortensia kunali munthu mmodzi, mipando ina itasanjikizidwa pakona. Mwamuna wa Hortensia anawoloka malire kupita kumpoto kukafuna ntchito, ndipo foni yake inasiya kalekale kulira. Hortensiayo anali atawonda, imvi zitayamba kutuluka pansi pa mpango. Amparo adzakhala bwino ndi chikwangwani kapena popanda, anaganiza choncho. Koma uyu?

Anakankhira patsogolo mbale ya Hortensia.

"Uwu," anatero. "Uwu ndiye msuzi wa Celerina."

Anthu aja anayamba kung'ung'udza. Koma Hortensia sanasangalale. Anangoima, manja atapinda m'epuloni, akuyang'ana pansi. Amparo anamuyang'ana mkulu wakeyo nthawi yaitali, kenako anatenga supuni patebulo, anatunga msuzi wopambanawo n'kuika m'kamwa. Nkhope yake inasintha.

"Wapserera," anatero. "Achemwali, msuzi wanuwu wapserera. Ukuwawa ngati makala."

Hortensia sanakane. "Ndinatuluka kukalandira wobweretsa gasi," anatero. "Pobwera ndinapeza wagwira pansi. Ndinatsanulira mumphika wina, koma nthawi yoyambiranso panalibe."

Don Fulgencio anasunsa chala m'mbalemo n'kulawa. Anatsegula pakamwa kuti anene nthabwala, koma anatseka, n'kupukuta chalacho pathalauza.

"Inu Bambo," anatero Amparo, "inu amene munkabweza mbale ya Amayi chitowe chikakazingika mopitirira pang'ono chabe? Mwadya zopserera, mwabwereza, n'kunena pamaso pa anthu onsewa kuti zikuposa zanga? Ine ndadzuka kusanache kusinja tsabola ndi manja anga. Mukanangonena kuti mwana wanu ndi mmodzi, sindikanavutika."

"Ndipo ine sindinapemphe chisoni chanu," anatero Hortensia, misozi ikutsika. "Mwandiyang'ana, mwayang'ana mipando yanga yopanda anthu, mwandiponyera ngati wopemphetsa wa pakhomo la tchalitchi. Msewu wonse waona."

Don Anselmo anagwira chipewa chawo mwamphamvu. Panalibenso kothawira.

"Sindimva kukoma," anatero. "Chidwalire chija. Sindimva chilichonse, ngakhale fungo. Ndimangotafuna."

Basi inadutsa, utsi wake n'kuphimba tebulo.

"Chidwalire chija?" anafunsa Amparo pang'onopang'ono. "Ndiye m'mawa uliwonse muja, ndikakufunsani, inu n'kumati ngati za mayi ako?"

"Ndinkafuna kuti usangalale, mwana wanga."

"Ine ndimapita kukhitchini kukalira chifukwa cha mawu amenewo. Ndimati Amayi sanapite onse, china chatsala m'manja mwangamu. Ndi inu nokha amene mukanadziwa." Anatembenukira kwa mkulu wake. "Inunso amakuuzani zomwezo?"

Hortensia anagwedeza mutu kuvomera.

Amparo anaseka, kuseka kopanda chimwemwe. Ananyamula mbale yake, anakhuthulira msuziwo m'ngalande ya m'mbali mwa msewu, n'kulowa. Anthu anayamba kubalalika mmodzimmodzi. Don Fulgencio anaika dzanja paphewa la mnzawo.

Mawa lake Don Anselmo anapita kwa Amparo monga mwa masiku onse. Mwamuna wake ndi amene anawalandira pakhomo, mwaulemu, n'kunena kuti mayi atanganidwa. Anawapatsa khofi ndi buledi. Amparo sanatuluke. Masana ananyamula chikwangwani chija kupita nacho kwa Hortensia. Iye anachilandira n'kuchitsamiritsa kuseri kwa matumba a makala.

Pa tsiku la Misa, Amparo anakhala benchi yakumbuyo. Atatuluka anakaika maluwa pamanda a mayi ake, n'kubwerera kwake osafika kuchakudya. Hortensia anaphika yekha. Msuzi sunapserere, achibale anadya n'kuthokoza, koma aliyense ankafunsa kuti mng'ono wake ali kuti, ndipo Don Anselmo ankangoti sakupeza bwino.

Mwezi usanathe, lole inaima pakhomo pa Amparo. Mlamu wake anali atawapezera malo mumzinda wa Puebla, pafupi ndi siteshoni ya mabasi. Don Anselmo anafika anthu akupakira matebulo.

"Mwana wanga, usapite chifukwa cha ine. Chikwangwanicho n'thabwa chabe. Ndikakutengera pompano."

"Si thabwalo, Bambo," anatero Amparo akukulunga masupuni m'nsalu. Ukali unali utatha m'mawu mwake, munangotsala kutopa. "Mukanandiuza kuti mukudwala, ndikanakuperekezani kwa madokotala ena. Ndikanakuphikirani zina. Koma munasankha kutinamiza tonse, ndipo itafika nthawi yosankha mwana, simunalawe msuzi. Munasankha mwana. Ndikakhala pano ndizikumbukira zimenezi m'mawa uliwonse."

"Ndinasankha amene akuvutika."

"Ndikudziwa. Chiyambire ndili mwana, wovutika amakhala achemwali. Ine ndine wolimba, eti?" Analoza mphika waukulu wadothi umene unali pakona. "Gwirani mbali iyo, ndi wolemera."

Ananyamulizana mphikawo mpaka palole, bambo ndi mwana. Amparo anapsompsona dzanja la bambo ake monga anaphunzitsidwira ali wamng'ono, n'kukwera kutsogolo. Pakhomo la mkulu wake sanayang'aneko. Hortensia anali ataima mkati, kuseri kwa katani, chipande chili m'manja.

Nthawi ya nkhomaliro itakwana, Don Anselmo anali atakhala patebulo la pafupi ndi khomo kwa Hortensia. Madalaivala aja anafika, aphunzitsi nawonso. Anaima pachitseko chotseka cha Amparo, anagogoda, anasuzumira pawindo. Kenako anatembenuka n'kuyang'ana kwa Hortensia, kumene matebulo anali oyala bwino ndipo mphika unali kubwata. Hortensia anatuluka, anakonza mpango wake n'kumwetulira.

"Lowani, abwana, chakudya chapsa."

Anthu aja anayang'anana. Mmodzi anakweza chipewa mwaulemu.

"Tsiku lina, mayi," anatero.

Ndipo onse anatsetsereka ndi msewu kulowera kumsika.