Tulasi wa Keziya

Keziya anali ndi tsinde limodzi lokha la tulasi, katsamba konunkhira kokometsera ndiwo, m'beseni lobooka kuseri kwa khitchini. Njere zake anapatsidwa ndi mayi wina wachimwenye wa ku Chipata, ndipo mwa zonsezo inamera imodzi. Masamba atatu okha mumphika wa nkhuku, madalaivala a mathiraki pa boda ya Mchinji ankanyambita zala pa lesitilanti ya amayi ake.

Chimene Keziya ankadikira chinali maluwa, kuti aume apezepo njere. Koma nsonga zikangotuluka, mawa lake zapita. Wothyolayo ankamudziwa: amayi Esitele oyandikana nawo nyumba, amenenso ankaphikira madalaivala. Ankabwera kudzapala moto, potuluka dzanja lina lili chifumbatire.

Munthu wamkulu salozedwa chala. Ndiye Keziya, amene ngakhale m'kalasi sankakweza mkono, akanayambira pati?

Loweruka anatsikira kudambo n'kukazula mpungabwi, chitsamba chija amafukiza pothamangitsa udzudzu. Masamba ake ukawaona mothamanga sungawasiyanitse ndi a tulasi. Anaubzala m'beseni muja, tulasi n'kumusamutsira m'ndowa pakati pa chimanga.

"Iwe mwana, katsamba kako kanenepa bwanji!" anatero amayi Esitele Lolemba, phale la moto lili m'manja.

"Ndi zitosi za nkhuku, amayi," anayankha Keziya, maso ali pansi.

Tsiku limenelo dzanja linachepa. Amayi Esitele anachita kumanga masambawo pansonga ya chitenje.

Masana Keziya akutsuka mbale, anamva mawu a bambo Kefasi, dalaivala wa thiraki ya feteleza, akuchokera pa benchi ya amayi Esitele.

"Mayi, nkhuku imeneyi imadwala malungo kodi?"

"Mukutanthauza chiyani, bambo?"

"Anzanga, lero maneti musamange. Udzudzu ukatiluma ufa wokha!"

Benchi yonse inafa nacho chiseko. Keziya analuma mlomo, n'kupitiriza kutsuka mbale yoyera kale.

Amayi Esitele sanabwerenso kudzapala moto. Machesi anawapeza.

Patatha milungu itatu, maluwa a m'chimanga muja anauma. Keziya anawafikisa m'manja, tinjere takuda n'kudzaza chivundikiro cha botolo. Tina anatikulunga m'kapepala, anapita kwa amayi Esitele, n'kugwada.

"Ndati mubzaleko wanu, amayi."

Amayi Esitele anafunyulula kapepalako. Ananunkhiza, n'kumuyang'ana Keziya nthawi yaitali. Kenako ananunkhizanso.