Gitala ya pa Miyendo ya Makina Osokera

Bambo anga anasoka zovala zaka makumi anayi, ndipo zaka zonsezo ankati akaweruka, asanasambe n'komwe, ankatenga gitala n'kukhala pakhonde. Nyamakazi italowa m'zala za dzanja lawo lamanzere, zinthu ziwirizi zinathera pamodzi. Nsalu inkawapulumuka pansi pa singano, ndipo zala zinkakana kupanikiza nsambo. Gitala anaipachika kuseri kwa chitseko. Iwo ankangokhala pansi kuyang'ana msewu, osayankhula ndi munthu, mpaka amayi anayamba kuuza alendo kuti kwathu kuli mipando isanu, koma wachisanuwo umadya.

Ine ndimakonza makina osokera m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba. Tsiku lina ndinaona pafoni munthu akuimba gitala yachilendo, yogona chagada pa miyendo inayi ngati tebulo. Woimbayo sankapanikiza nsambo ndi zala. Ankangotsetsereza kachitsulo kosalala pamwamba pake, ndipo akafuna kukweza mawu ankaponda chopondera pansi. Kanemayo ndinamubwereza kakhumi. Kachitsulo kotero bambo akanatha kukafumbata.

Ndinapala thabwa lolimba la chitseko chakale n'kukokapo nsambo zisanu ndi zitatu. Zomangira nsambozo ndinazichotsa pa magitala awiri othyoka omwe mnzanga wokonza mawailesi anandipatsa pamodzi ndi sipika. Chotolera mawu a nsambo kupita ku sipikayo ndinachipanga ndi maginito, n'kuwakulunga kawaya kakopa kopyapyala ngati tsitsi. Kawayako ndinakakulunga ndi chokulungira ulusi pa bobini, ndipo kanaduka katatu ndisanaphunzire kupita pang'onopang'ono.

Kunatsala miyendo. Makina osokera a bambo mutu wake unali utatheratu, koma miyendo yachitsulo ndi chopondera zinali zolimba ngati zadzulo. Nditawapempha, anati nditenge, kaya ndikasandutse mbaula. Ndinachotsa lamba ndi gudumu, n'kulumikiza chopondera ku nsambo ziwiri ndi masipoko a njinga. Ukaponda, nsambozo zinkakungika, mawu n'kukwera. Ukasiya, sipuling'i inkazibweza. Mumtima ndinkadzitama kuti ndawapeputsira ntchito, popeza mapazi awo ankachidziwa kale chopondera chimenecho.

Lamlungu masana gitalayo ndinaitulutsira pakhonde. Bambo anaizungulira kawiri, anagogoda thabwa, kenaka anakhala. Atafumbata kachitsulo n'kukhudza nsambo, mawu anatuluka oyera, aatali. Koma mapazi atangofika pa chopondera, anayamba okha: kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo, kumbuyo, monga ankachitira posoka. Gitala inalira ngati mphaka wopondedwa mchira.

Ndinawafotokozera kuti aponde kamodzi n'kugwira pomwepo mpaka mzere wa nyimbo utathe. Anagwedeza mutu, anayesanso. Asanapume katatu mapazi anali atayambiranso kusoka. Anayesa kasanu. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anasuzumira pampanda n'kufunsa ngati tagula mbuzi yodwala. Sananene moipa, koma bambo anamva. Anaika kachitsulo pathabwa mofatsa n'kuimirira.

"Mwanawe, wayesetsa," anatero. "Koma manja anandithawa, ndiye mapazi nawonso sakundimvera. Wogula zitsulo zakutha uja akadzadutsa Loweruka, udzam'patse."

Sabata yonseyo ndinalimbana nayo. Ndinalimbitsa sipuling'i, ndinakhomera kamtengo pansi kuti chopondera chisabwerere kumbuyo kwambiri, ndinaganizanso zochidula n'kupanga china chaching'ono. Koma kaya ndikanakonza chiyani, bambo sankafuna n'kuyang'anako komwe. Anabwerera pampando wawo uja, ndipo kukhala chete kwawo tsopano kunkandipweteka kuposa kale, chifukwa ndine ndinawaonetsa kuti ngakhale mapazi sali awo.

Lachisanu amayi analowa m'kachipinda kanga atanyamula tiyi. Iwo ndi amene ankasita ndi kusokerera mabatani pambali pa bambo zaka zonse zija. Anandifunsa chimene phazi liyenera kuchita kwenikweni, ine n'kuwaonetsa. Anaseka mpaka tiyi anatayikira.

"Amakanika inu, nzeru zonsezi koma osafunsa," anatero. "Mapazi a bambo ako pali malo amodzi okha pomwe amaima. Akafika pakona ya kolala, singano ili m'nsalu, amaima nji mpaka nsalu itatembenuka. Zaka makumi anayi sanapyolepo kona."

Anapita pakhonde. Zimene anakauza bambo sindinazimve zonse, koma ndinamva kuti munthu wokana kukhala pa gitala ya mwana wake adziphikira yekha mpaka mwezi utatha. Posakhalitsa bambo analowa, nkhope ili gwa, n'kukhala. Amayi anaima kumanja kwawo, anachotsa phazi lamanja la bambo pa chopondera n'kuliponda ndi lawo.

"Limeneli ndalimanga ine. Imbani, bambo ake. Ndikati kona, mwafika pa kolala ya mphunzitsi wovuta uja. Musapyole."

Bambo anang'ung'udza kuti mphunzitsi ameneyo anabweza shati katatu popanda chifukwa. Kenaka anayamba nyimbo yapang'onopang'ono imene ankaikonda kale. Amayi ankaidziwa ngati chikhatho chawo. Itafika pokwera anati, "Kona." Phazi lamanzere linatsika n'kuima. Mawu anakwera mosalala ngati munthu amene akutukula mutu kuti akuone, ndipo anakhala pomwepo osagwedera. "Kwezani phazi," anatero amayi, mawu aja n'kutsika bwinobwino.

Bambo anaimaliza nyimboyo n'kuiyambiranso. Ulendo wachitatu anandiuza, osandiyang'ana, kuti nsambo yachinayi yatsika pang'ono, ndipo kuti m'mphepete mwa thabwa mukufunika kupalanso chifukwa mukuwakanda mkono. Sindinasangalalepo ndi madandaulo ngati tsiku limenelo.

Wogula zitsulo atabwera Loweruka, amayi anam'patsa gudumu lokha lija.

Kuyambira pamenepo, dzuwa likapendeka amayi ankasiya zonse n'kukaima pambali pa bambo kuitana makona. Ankadandaula kuti anapuma ntchito yosita n'kulembedwa ina yoponda phazi la mwamuna, koma sanajombepo.

Patatha miyezi iwiri, amayi anapita kumsika masana. Ndili m'kachipinda kanga ndinamva gitala ikulira pakhonde. Ndinasuzumira pazenera. Bambo anali okha, mapazi onse awiri ali omasuka, ndipo ankaponda ndi kusiya pa nthawi yake popanda wowauza. Anaimba nyimbo zitatu osaphonya.

Geti litalira, amayi n'kulowa ndi dengu, mapazi aja anayamba kusoka nthawi yomweyo, mphaka uja n'kubwerera. Amayi anatula dengu pansi akupukusa mutu, anati munthu ameneyu sangasiyidwe yekha ngakhale ola limodzi, n'kupita kukaima pamalo pawo. Bambo anandiona pazenera paja. Anandiyang'ana pang'ono, kenaka anasuntha phazi lamanja kuti amayi alipeze msanga.